Maliro a achimwene pansi pa chithunzi

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mapazi a Yesu pachithunzicho, otuwa, magazi ataumira pabowo la msomali. Ndinali wamfupi, choncho maso anga ankalekezera pomwepo.

Inali nyengo ya Lenti, kamvula kowaza kosatha, majasi akununkha chinyezi m'basi. Achimwene anga, amene amayi anawasiya kwa azakhali ku Dedza pobwera kunja kuno, anali atamwalira, ndipo amayi sanapite kumaliro chifukwa mapepala awo okhalira m'dziko lino anali asanatuluke. Tinkachita lendi kachipinda ku Edmonton, makoma ake opyapyala moti wa chipinda china akayetsemula tinkamva. Tsiku la uthengalo amayi atangoyamba kulira mokweza, mwini nyumba anagogoda pachitseko. Kuyambira pamenepo anangomeza misozi. Ankapita kuntchito kukasambitsa nkhalamba za eni ake. Anasiya kudya, ndipo ine ndinkachita mantha kuti nawonso andisiya.

Loweruka lina, pothawa kuzizira kwa m'kachipindako, tinakalowa m'nyumba yaikulu yoonetsera zithunzi m'tauni, poti kulowa kunali kwaulere ndipo munali mofunda. Munkanunkhira polishi. Tinadutsa mafumu ndi akavalo awo, mpaka tinafika pa chithunzi chakalekale cha ku Italiya. Yesu anali atatsitsidwa pamtanda, atagonekedwa pamiyendo pa Mariya, azimayi ena atamuzungulira, wina kukamwa kuli yasa, manja ali m'mwamba. Amayi anaima. Kenako anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kumanga pamwamba pa jasi, n'kuvula nsapato, n'kukhala pansi atatambasula miyendo monga amakhalira azimayi pasiwa. Benchi linalipo ndithu, koma pamaliro mzimayi sakhala pampando.

Analira, kuitana mwana wawo ndi dzina lake, kumufunsa chifukwa chimene sanawadikirire. Azungu amene anali m'chipindamo anasiya kujambula. Nditaona mlonda wa imvi akubwera, ndinangoti basi atitulutsa. Bamboyo anayang'ana amayi, anayang'ana chithunzi, kenako anakaima pakhomo n'kumalozera anthu kuchipinda china.

Atatha, amayi anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Mayi uyu ndiye anachita mwayi," anandiuza. "Wakeyu anamunyamulako."

Pobwerera anagula tchipisi, anadya, mpaka anandikalipira chifukwa chopukutira mafuta pajasi. Sindinakondwerepo ndi kukalipidwa ngati tsiku limenelo.

Akuluakulu amati maliro n'kulirana. Ife kuno tinalibe wolira nafe, koma amayi anawapeza pakhoma, azimayi amene wojambula anawasiya akulira zaka mazanamazana zapitazo ndipo mpaka lero sanatope. Manda a achimwene sindinawaonepo. Anthu akandifunsa kumene anaikidwa ndimayankha kuti ku Dedza, koma maliro awo ine ndinakhala nawo, ndipo chipinda chimene anachitikira ndikuchidziwa.