Simenti ya mkazi mnzanga

Nsanje ndinali nayo ine, sindibisa, ndipo ndikaikumbuka lero ndimaseka mpaka misozi. Tinali awiri pa mwamuna mmodzi kuno kufupi ndi Bua, ine wamkulu, mnzangayo wamng'ono. Bambo ankayenera kugawa masiku mofanana, anayi kuno anayi uko, koma nsikidzi zinawagawira mwina. Kwanga zinkaluma, kwa mnzanga kunalibe ndi imodzi yomwe.

Chinsinsi chake chinali dothi. Kuseri kwa munda wa makolo ake kunali shedi yakale, momwe eni esiteti ina anasiya migolo ya mankhwala a thonje n'kumapita. Migolo ija inachita dzimbiri, inadontha, dothi n'kuda bii, lonyezimira, udzu osamerapo. Iye ankazira nyumba yake ndi dothi limenelo. Chiswe ayi, utitiri ayi, nsikidzi ayi. Ndinapempha ndowa imodzi, imodzi yokha, anandiyankha kuti dothi la kwawo silituluka m'banja. Ine ndizire ndi la kudambo, ndizire, ndizire, bambo n'kumangodzikanda, tsiku lachiwiri ulendo.

Matipate itangoyamba, nthawi ija aliyense anayamba kuvala nsalu ya chipani chake poyera, kunafika galimoto ziwiri. Munatuluka anthu ovala zoyera thupi lonse, mphuno zotseka, wowatsogolera ali mayi wachizungu. Womasulira anatiuza kuti mayiyo ankagwira ntchito kudziko lozizira koopsa, komwe nthaka imauma gwa ngati mwala, ndipo mafuta akatayikira pansi amakhala zaka ndi zaka osatha. Kumeneko akuti amadikira miyezi yochepa yomwe nthaka imafewa, n'kukumba msangamsanga. Kwathu kuno kukumba sikuvuta, koma mvula imatenga poizoni n'kukamusiya m'zitsime ndi m'nyanja.

Anakumba pashedi ponse, dothi n'kulitsekera m'migolo yatsopano. Kenako anafunsa ngati alipo amene ankatapa dothilo. Mnzanga anaulula. Mutu unkamuwawa kawirikawiri, anapiye ake ankangofa, ndipo zonsezo ankati ndine ndamulodza. Mtima wanga unavina tsiku limenelo, unavina ndithu! Anamutulutsira katundu panja, anapala pansi pa nyumba yake mpaka dzenje lolekeza m'mawondo, ine ndikuonerera ndikusenda chinangwa.

Koma atatha kupala anathira mchenga, anathira miyala, pamwamba pake simenti. Simenti yosalala, m'mudzi momwe ngakhale ogulitsa usipa analibe. Chinangwa chinandiwawa m'kamwa.

Ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kwa womasulira.

"Achimwene, nanenso ndinkazira ndi lomwelo."

Anabwera, anaboola pansi panga ndi kachitsulo malo atatu, dothi n'kuliika m'timabotolo. Patapita masabata anabweranso, mayi uja n'kundigwira dzanja akumwetulira. Womasulira anati: "Amayi, akuti dothi lanu ndi labwino kwambiri, zidzukulu zizikwawa mosaopa."

Ndinati zikomo. Mnzanga anali chiimire pakhomo panga, manja m'chiuno.

"Akulu, si inu munkauza mudzi wonse kuti ndimakumanani dothi? Lero munazira nalo liti?"

Amayi a m'mudzi anaseka mpaka kukhala pansi. Bambo anakatenga mphasa yawo kwanga n'kukaiyala pa simenti, masiku anga anayi n'kusanduka limodzi.

Ndiye inafika Juni, mwera unawomba. Simenti ija inazizira ngati dziko la mayi uja. Bambo anali ndi nyamakazi, mawondo anatupa, msana unakana kuwongoka. Ine ndinathira madzi owira m'ming'alu ya zipupa kuti nsikidzi zife, ndinayanika mphasa padzuwa, ndinazira mwatsopano ndi dothi langa la kudambo, lofunda, lonunkhira mvula. M'mawa wina ndinangoona mphasa ikubwera paphewa, mwini wake akutsimphina.

"Mayi, kuli malo?"

Malo analipo, malo analipo! Anayi anga anabwerera, mwera ukakula ankakwana asanu ndi limodzi.

Bambo anatisiya kale, tatsala awirife. Simentiyo ilipobe, iye amaipaka polishi wofiira Lachisanu lililonse, ndipo imawala moti maso anga amawawa mpaka lero. Koma inang'aluka pakati. Ndikapita kukamuona ndimakhala pamng'alu pomwepo, n'kumausisita ndi chala kuti aone kuti ndauona.