Duku la amayi aang'ono

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona pansi, m'chipinda chapansi pa nyumba ya amayi aang'ono ku Oshawa, kuno kutsidya kwa nyanja, pakati pa azimayi a mpingo amene anabwera kudzachezera maliro awo. Nyimbo zinali zitaleka. Ena anagona chokhala, atatsamira makatoni a zijasi zimene amayi aang'ono ankasonkhanitsa kuti azigawira anthu ofika kumene m'dziko lino nyengo yozizira. Ndisanachite china chilichonse ndinapisa dzanja m'thumba la jekete. Duku linali momwemo, lopindidwa kanayi, monga linakhalira kuyambira Lachitatu.

Amayi aang'onowo ndi mng'ono wawo wa amayi anga. Ndi amene anandiitana kuchokera kumudzi kwathu ku Ntcheu kuti ndidzaphunzire ku koleji kuno. Ndinawapeza atayamba kale kudwala khansa. Mankhwala anathothola tsitsi lawo lonse, ndipo kuyambira pamenepo palibe mlendo amene anaona mutu wawo. Ngakhale abusa akabwera kudzapemphera ankadikira pabalaza mpaka duku litamangidwa. Manja atafooka, ndine ndinkawamanga, iwo ali chigonere.

Lachitatu lija, mayi Kachingwe, wapampando wa azimayi a mpingo, anandituma kukapereka zovala ku nyumba ya chisoni. Mayi wa mpingo wathu amaikidwa atavala yunifolomu yake yonse, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Bambo wa kumeneko anatulutsa zovalazo m'chikwama chimodzichimodzi. Atafika pa duku analitambasula, n'kulitembenuza, kenako anandifunsa funso. Analankhula mwaulemu koma mofulumira, ndipo sindinamve. Kusukulu kwathu tinakula tikudziwa kuti wamkulu sumubwerezetsa mawu. Ndinamwetulira n'kuvomera. Iye analipinda bwinobwino n'kundibwezera, ine n'kuthokoza. Ndinazindikira zimene ndachita ndili kale m'basi.

Ndinafuna kunena tsiku lomwelo. Koma nditangolowa m'nyumba, mayi Kachingwe anauza azimayi onse kuti Ndaziona ndi mwana wodalirika, ukamutuma sufunsanso. Mawu amenewo ananditseka pakamwa. Lachinayi ndinati ndinena mawa. Lachisanu nyumba inadzaza anthu. Tsopano linali Loweruka, ndipo teni koloko anthu ankayenera kuyamba kuona nkhope. Mnyamata wina anali atakonza kale foni yoti amayi anga ndi abale a kumudzi adzaonere pamenepo.

Ndinakwera m'mwamba. Kunja kunali kukugwa chipale chofewa, cha tinthu ting'onoting'ono touluka ndi mphepo. Azimayi anali atayatsa mbaula za gasi m'galaja, chitseko atachikweza mpaka m'mawondo kuti mpweya uzituluka. Ankaphika atavala zijasi, zitenje atamanga pamwamba pake. Panali mpunga, nyemba, nkhuku ndi kabichi. Mayi wina ankakazinga mandasi atavala magolovesi a mwana wake, ofiira. Mapoto akuluakuluwo anali omwe aja ankaphikira Loweruka lililonse chakudya cha anthu ogona m'misewu, ndipo pa chivundikiro chilichonse panali dzina la amayi aang'ono lolembedwa ndi penti wa zikhadabo.

Ndinapatsidwa anyezi kuti ndidule. Mayi Kachingwe anadutsa pafupi nane katatu. Kachitatu ndinaimirira, koma iwo anali pa foni, akulongosolera anthu ochokera ku Hamilton njira. Atamaliza anandiloza n'kunena kuti ndipite ndi amake Dalitso kukasiya chakudya ku holo ya mpingo ku North York, tikabwerera tidzapeze mapemphero a leveni koloko. Ndinawerengera mumtima. Pofika leveni koloko anthu onse adzakhala ataona. Ndinati, "Chabwino, amayi."

Amake Dalitso ndi namwino, kwawo ndi ku Chipata. Tinapakira mapoto kumbuyo kwa galimoto lawo, n'kuwatsekereza ndi matawulo kuti asagwedezeke. Tinanyamuka eyiti koloko itadutsa. Pamsewu waukulu magalimoto ankayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa chigalimoto chothira mchere wosungunula chipale. Iwo ankandiuza za mmene amayi aang'ono anawasungira miyezi iwiri m'chipinda chapansi chija atangofika, ali ndi pakati, asakudziwa aliyense. Ine ndinkangoyang'ana wotchi ya m'galimoto. Ndinapisanso dzanja m'thumba la jekete.

Titadutsa tauni ya Ajax anandicheukira. "Iwe mwana, n'chani? Ufuna kusanza?"

Ndinatulutsa duku lija n'kuliika pamiyendo panga. Analiyang'ana, n'kuyang'ana msewu, n'kuliyang'ananso.

"Ni la ndani?"

"La amayi aang'ono."

"Nanga ku mutu kwawo kuli chani?"

Ndinafotokoza zonse, mawu akudukaduka. Anamenya chiwongolero ndi chikhatho. "Masiku yatatu! Mwana iwe wanipaya. Pakamwa anakupatsa Mulungu n'podyera chabe?" Anapatuka pa mphambano yotsatira n'kubwerera njira yomwe tinadzera. Pokhota, chivundikiro china chinasuntha, fungo la nkhuku n'kudzaza galimoto lonse. Anayesa kuimbira mayi Kachingwe kawiri koma foni inkangoitana.

Tinafika ku nyumba ya chisoni kutatsala mphindi makumi awiri kuti teni koloko ikwane. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pakhonde, akugwedeza chipale pa nsapato. Amake Dalitso anandigwira dzanja n'kundidutsitsa pakati pawo osapereka moni kwa aliyense.

M'chipindamo munali anthu asanu: mayi Kachingwe, azimayi awiri achikulire a mpingo, bambo aang'ono, ndi Tadala, mwana wawo yekhayo, amene anabadwira konkuno. Bokosi linali litangotsegulidwa. Anthu a kumeneko anagwira ntchito yawo bwino. Bulauzi inali yosita, mabatani onse omanga, manja atasanjikizidwa. Koma mutu unali pamtunda, uli ndi titsitsi toyera tochepa timene tinayamba kumera kumapeto. Bambo aang'ono anali atatembenukira kukhoma.

Ndinagwada pamaso pa mayi Kachingwe n'kupereka duku ndi manja awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Analitenga n'kupita pa bokosi.

Mayi aliyense wa mpingo amadziwa kumanga duku pamutu pake, ngakhale mumdima. Kumanga munthu wogona ndi zina. Anayesa koyamba, linatsetserekera pamphumi n'kuphimba diso. Anayesa kachiwiri, kumbuyo kunatsala poonekera. Bambo uja wa Lachitatu anasuzumira pakhomo, n'kuyang'ana wotchi yake, n'kutsekanso mwakachetechete. Kunja kunamveka azimayi akuyamba nyimbo.

"Ndine ndinkawamanga," ndinatero.

Palibe anamva. Amake Dalitso anandigunyuza ndi chigongono. Ndinabwereza mokwezako pang'ono.

Mmodzi wa azimayi achikulire aja anakana. Anati kwathu mtsikana amene sanabereke sagwira maliro, ndipo mwanayu ndi wa eni, mayi wake akadzamva tidzayankha chiyani. Winayo anavomereza ndi mutu. Inenso mwambowo ndinkaudziwa. Kumudzi sindinalowepo m'nyumba ya siwa mtembo usanatsekeredwe.

Mayi Kachingwe anapuma mozama. "Wagona apayu sanali mayi wake kodi? Mpatseni."

Pankafunika wina wonyamula mutu. Azimayi anayang'anizana. Tadala ananena m'Chingerezi kuti agwira ndi iyeyo. Analowetsa manja ake onse awiri pansi pa mutu wa mayi wake n'kuukweza pang'ono.

Ndinapinda duku kuti likhale la makona atatu. Ndinayamba kuliyala pa pilo, chifukwa munthu wogona umayambira pansi. Tadala anatsitsa mutu pang'onopang'ono. Ndinakoka mbali yaitali kufika pamphumi, chala chimodzi pamwamba pa nsidze monga ankafunira eni ake. Khungu linali lozizira kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zala zanga zinafuna kubwerera. Ndinamanga mfundo kuseri kwa khutu lakumanzere, poonekera, kenako ndinazunguza duku lonse pang'onopang'ono mpaka mfundo inabisala kumbuyo. Ndinalowetsa nsonga zotsala. Pamene ndinkamanga ali moyo, pofika apa ankati ndamangitsa, ndimasule pang'ono. Ndinadikira kamphindi ndisanachotse manja.

Mayi Kachingwe anakonza kolala ya bulauzi imene inali yokonzeka kale. Kenako anaitana bambo aang'ono kuti atembenuke. Anatembenuka, anayang'ana, n'kukhala pampando. Zitseko zinatsegulidwa teni koloko itapitirira pang'ono.

Anthu analowa pamzere. Panali anzawo a kuntchito yosamalira okalamba, ena akadali mu yunifolomu ya usiku. Panali mtsikana wa mapasa amene anatenga zijasi zake zoyamba m'makatoni aja, ndi anyamata a ku koleji amene ankabwera kunyumba Lamulungu masana ngati kwa mayi wawo. Kumapeto kwenikweni kunabwera abambo atatu a kuno, mwa anthu aja ankalandira chakudya cha Loweruka. Mmodzi anali atapesa ndevu zake ndi madzi. Anavula chipewa, anaima nthawi yaitali kuposa onse, ndipo palibe anamufulumizitsa.

Mnyamata wa foni anaiyandikitsa pa bokosi. Kumudzi dzuwa linali litapendeka. Ndinamva kulira kukutuluka m'foni, ndipo pakati pa mawu onsewo ndinazindikira a amayi anga. Sindinayandikire. Ndinkaopa kuti andiona pankhope n'kudziwa.

Mapemphero atatha tinanyamuka kupita kumanda, magalimoto ali pamzere, magetsi oyatsa. Palibe anayenda pansi kupatula kuchokera pamsewu kufika pa dzenje. Mphepo inali yolasa m'makutu. Pambali pa dzenje anayala nsalu yobiriwira yonga udzu, ndipo dothi analibisa pansi pake. Pofika nyimbo yotsiriza azimayi a mpingo anavula zijasi zawo n'kupatsira amuna awo, kuti mnzawo atsike iwo ali mu yunifolomu. Anaimba mano akugundana. Adzukulu a kuno anali abambo awiri amene anaima patali pafupi ndi makina awo, akudikira kuti tichoke. Mayi Kachingwe anapita kukawauza kuti ife sitisiya manda apululu. Anakwirira ife tili pomwepo, ndipo nkhata zinaikidwa pa dothi losakanikirana ndi chipale.

Ku holo chakudya chinafika limodzi ndi anthu, chitazizira. Panatenga nthawi kuti chitenthetsedwe, ndipo ena ochokera kutali ananyamuka asanadye. Wina atafunsa chimene chinachitika, amake Dalitso anangoti nkhuku nazonso zinafuna kukaona nkhope. Anthu anaseka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinatsuka mbale mpaka zala zinachita makwinya, ndikudikira kuitanidwa. Mayi Kachingwe anabwera pamene ndinkapukuta poto womaliza. Anati Loweruka likubwerali aphika monga mwa nthawi zonse, ndipo ndifike seveni koloko. Atafika pakhomo anacheuka. "Ukapanda kumva chinthu uzifunsa. Ngakhale kasanu."

Tinafika kunyumba kukuyamba kuda. Nsapato zimene zinadzaza pakhomo sabata yonse zinali zitapita, panangotsala madzi ndi mchere pa matailosi. Bambo aang'ono anakhala pabalaza osayatsa getsi. Tadala analowa kuchipinda kwa mayi wake n'kutseka chitseko. Ndinakolopa pakhomo, kenako ndinatsikira pansi n'kuyatsa foni yanga. Munali uthenga wa mawu wochokera kwa amayi anga, wotumizidwa masana. Ndinauyang'ana nthawi yaitali ndisanautsegule.

Mawu awo anali osasa. "Ndaziona, ndamuona mng'ono wanga. Wapita atavala bwino. Koma mamangidwe ajawo ndi ako, usandinamize. Wagwira maliro iwe." Kumbuyo kunamveka mbuzi ndi ana. "Usanadye usambe thupi lonse. Zovala wavalazo uchape pazokha. Wamva? Zikomo, mwana wanga."

Ndinavula jekete n'kuliika padera. Ndinakwera masitepe monyang'ama, ndinalowa kubafa, n'kutsegula madzi pang'ono kuti asasokosere m'nyumba.