A Silvester a pa Livulezi ndi Kiyi wa Unyolo

Lachiwiri pa 11 Novembala 1958 tidaika m'manda bambo Silvester Bizwell. Ambiri a m'parishi yathu ankangowadziwa kuti a Tulani, chifukwa ukafika powolokera pa Livulezi nyengo ya dzinja, mawu awo oyamba, moni usadabwere, ankakhala akuti, "Tulani katundu, manja akhale omasuka." Masabata awiri asadamwalire adaitanitsa mlembi wa tchalitchi namuuza kuti, "Mukadzalemba za ine musadzandipake laimu. Mudzalembe ndi za Eliya zomwe." Tikuchita monga adatipemphera.

Adabadwira kwa Kandeu cha m'ma 1896, nakula akuweta ng'ombe za amalume awo. Sukulu ya mishoni itafika m'deralo iwo adali pakati pa oyamba kukhala pansi pa mtengo, ndipo adabatizidwa mu 1912. Anzawo a nthawi imeneyo amati adali mwana womvera mpaka kukwiyitsa. Ukamuuza kuti akhale apa mpaka ubwere, iwe n'kuiwala, unkampeza madzulo ali pompo, mvula itamuthera pathupi. Aphunzitsi ankamuyamikira kwambiri, osadziwa kuti kumvera komweko kudzamugwetsa m'mbuna tsiku lina.

Mu 1921, atakwatira mayi Lufina, adalembedwa upolisi. Adakaphunzira ku Zomba, kenaka adawabweza ku boma la kwawo konkuno. Yunifolomu idawakhala: malaya ndi kabudula wa kaki, lamba wachikopa, chisoti cha fezi, nsalu zokulunga m'miyendo, koma mapazi ali pansi opanda nsapato. Woyang'anira wawo adali Sajeni Goliati, munthu wamfupi ngati mtondo koma mawu ake ankamveka mpaka kumsika. M'mawa uliwonse pa perete ankawanenetsa malamulo ngati katekisimu. Batani lisasowe pa malaya. Chipolopolo chisaphulike popanda lamulo la bwana, ndipo chikaphulika, chikhokhombe chake chibwerere. Mfuti isanyowe, isagone pansi, isachoke m'manja, pakuti wotaya mfuti amalowa m'ndende yomwe ankalondera. Ndipo wam'ndende akamangidwa unyolo asamasulidwe panjira, zivute zitani, mpaka atafika pakhomo la boma. A Silvester adawameza malamulowa onse, ndipo zaka zisanu ndi zitatu dzina lawo silidamveke pa cholakwa chilichonse.

Mu Febuluwale 1929 adawatuma cha ku Kasinje kukatenga munthu wina dzina lake Eliya, amene adadula mtengo wa mlombwa m'nkhalango ya boma kuti apale chitseko. Mlandu wake udali womwewo basi. Eliya sadavute. Adatsanzikana ndi mkazi wake Zelesi, amene adali ndi khanda kumbuyo, natambasula yekha manja kuti amangidwe. Panjira ankacheza ngati anthu opita kuukwati, mpaka adagawana chinangwa chimene Zelesi adamuphikira.

Pofika pa Livulezi masana adapeza mtsinje utadzaza, madzi ali ofiira, akukokolola mapesi ndi zitsa. Eliya adayang'ana madziwo, nayang'ana manja ake.

"Bambo, tandimasulani tiwoloke. Tsidya ilo mukandimanganso. Ndingathawire kuti, mwana wanga ali kumudzi?"

"Lamulo silitero," adayankha a Silvester.

"Ndiye tidikire madzi aphwe."

"Andiuza kuti ndikafike lero."

Eliya adaseka pang'ono. "Chabwino bambo, inu ndinu boma."

Adalowa m'madzi, Eliya patsogolo, a Silvester pambuyo atanyamula mfuti pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri kuti isanyowe. Pakati pa mtsinje madzi adafika m'chifuwa. Eliya adaponda mwala woterera, nagwa chagada, nadza kudzagunda a Silvester pamimba. Adatukula manja ake omangidwawo pafupi kwambiri, moti unyolo udakhudza mabatani a yunifolomu. Kukadangofunika kutaya mfuti ndi kumugwira. A Silvester ankanena mpaka ukalamba wawo kuti sadasokonezeke mutu ayi, adaganiza bwinobwino, ndipo chimene adachiona m'maganizo mwawo ndi nkhope ya Sajeni Goliati. Manja awo adakhalabe m'mwamba, ndipo madzi adamutenga Eliya.

Adathamanga m'mbali mwa mtsinje mpaka dzuwa kupendeka, osaona kanthu. Atafika ku boma, funso loyamba la bwana wa polisi lidali la mfuti. Adaiyang'ana, naipeza youma, zipolopolo zonse zilipo. Adafunsa ngati wam'ndende adali womangidwa monga mwa lamulo, ndipo atamva kuti inde, adati palibe mlandu, wapolisi wagwira ntchito yake. Unyolo adaulemba kuti udapita ndi madzi. Za kiyi wake palibe adafunsa, pakuti kiyi wopanda unyolo ndi wa ntchito yanji? Adatsala m'thumba la a Silvester.

Popeza ndiwo ankadziwa njira, adawatumanso kukanena uthenga kumudzi. Apa ndi pamene munthu amene sadanamepo adanama. Zelesi atalira n'kutopa adawafunsa funso limodzi: "Kodi anali omangidwa?" A Silvester adayang'ana pansi nati, "Ayi mayi, ndinawamasula. Ndinayesetsa kuwagwira koma madzi anandiposa mphamvu." Mayiyo adagwada, nawathokoza kuti adamuchitira mwamuna wake ulemu, nawagwirira nkhuku yoti adye panjira. Adailandira. Nkhuku imeneyo adakaipereka kwa munthu woyamba amene adakumana naye, koma kulemera kwake adakhala nako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Chaka chisadathe adapempha kusiya ntchito. Adabweza zonse monga lamulo linenera, fezi, lamba, malaya, mpaka batani lotsiriza, ndipo adatuluka pa boma atavala nsalu ya akazi awo m'chiuno. Adapita kukalapa. Bambo mfumu a nthawi imeneyo adawamvetsera, nawauza kuti Mulungu sakana mtima wosweka, koma bodza limene adamuuza mayi uja liyenera kukachotsedwa ndi pakamwa pomwe padalinena. A Silvester adavomera. Adanyamuka ulendo wa kwa Zelesi katatu, ndipo katatu konse adabwerera ataona denga la nyumba yake. Kuyambira pamenepo adadziletsa okha kulandira Ukaristia. Ansembe adasinthana, ena adawadandaulira kuti akudzilanga mopitirira, koma iwo ankangoti, "Sindinamalize zimene adandituma."

Adapempha malo pafupi ndi powolokera pomwe paja, namanga nyumba. Chilimwe ankalima ngati wina aliyense. Dzinja likafika ankakhala pagombe ndi ndodo yaitali ya nsungwi kuyambira m'mawa. Ankadziwa mwala uliwonse wa pansi pa madziwo. Katundu ankasenza iwo, ana ankawanyamula paphewa, nkhalamba ankazibereka kumsana, ndipo madzi akakula kwambiri ankakaniza aliyense, ngakhale mtengatenga wa makalata a boma. "Amene wakutumayo sadzakulira," ankatero. Munthu akafuna kuwapatsa kanthu ankakwiya ngati wawatukwana. Lamulungu ankawolotsa Akhristu a tsidya lija kupita ku Misa, iwo n'kukagwada kumbuyo kwenikweni, kabudula akudontha madzi. Nthawi ya njala ya 1949, pamene anthu a m'chigwa ankakwera kumapiri kukasuma, pakhomo pawo padasanduka pogona alendo, ndipo mayi Lufina adaphika mpaka nkhokwe yawo idaoneka pansi.

Tivomere kuti ife Akhristu anzawo sitidawachitire chilungamo. Poona munthu wopemphera chotere osapita kukalandira, tidawapekera nkhani. Ena ankati ali ndi mkazi wachiwiri ku Bwanje, ena ankati amasunga mankhwala, chifukwa ana adaona kachitsulo komangirira ku korona yawo. Adazimva zonse, napitiriza kuwolotsa anthu.

Chowawa koposa chidali chakuti Zelesi naye adalowa kalasi nabatizidwa, ndipo njira yake ya ku tchalitchi idali yomweyo. Dzinja lililonse a Silvester ankamubereka kumsana kudutsa pamalo pomwe padagwera mwamuna wake. Akafika tsidya, mayiyo ankawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Zikomo bambo," basi. Tsiku lotero a Silvester sankadya. Mayi Lufina, amene yekha ankadziwa zonse, ankawauza mosabisa kuti, "Bambo, mukhoza kuwolotsa Ntcheu yense, koma mlandu suwola. Zengerezu adalinda kwawukwawu." Mayi Lufina adamwalira mu 1953 asadaone amuna awo akupita kwa Zelesi.

Mu Okutobala 1955 katekisiti adalengeza kuti mayi Zelesi adwala kwambiri ndipo bambo mfumu akawadzoza mawa lake. A Silvester sadadikire kuti mapemphero athe. Adawoloka mtsinje, umene nthawi imeneyo udali mchenga wokhawokha, ndipo ulendo uno ataona denga lija sadabwerere. Adapeza mayiyo atagonekedwa pakhonde, mwana wake Aida, khanda lija, tsopano mayi wa ana atatu, akumukupiza. A Silvester adagwada pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, namasula kachitsulo kaja ku korona.

"Mayi, ndinakunamizani. Amuna anu sindinawamasule. Anandipempha, ine ndinakana. Atagwa anatukula manja kwa ine, koma ndinasunga mfuti. Kiyi wake ndi uyu."

Aida adaimirira mwaukali, koma mayi ake adamugwira chitenje.

"Ndikudziwa," adatero Zelesi. "Patatha sabata chichokereni inu ndi nkhuku yanga, alongo anga anawapeza amuna anga atakodwa m'bango kumunsi uko. Unyolo unali m'manja. Tinayesa ndi mwala, tinayesa ndi nkhwangwa, osatheka, ndipo kudula manja a munthu sitikanatha. Kukanena ku boma tinaopa, ankati wopezeka ndi chitsulo cha boma amamangidwa. Tinawaika choncho, mwakachetechete."

"Nanga zaka zonsezi, mayi, ndikukuberekani kumsana, osandifunsa?"

"Poyamba ndinkafuna ndikukanikizeni m'madzi momwemo, ndisaname. Kenaka ndinaona kuti mukumira kale nokha. Ndikanakufunsani mukanangovomera, inu ndinu munthu wovomera. Ndinkafuna mubwere ndi miyendo yanu, popanda wokutumani." Adapuma movutika, natambasula dzanja. "Bweretsani kuno. Mwachedwa, bambo, koma mwandipeza."

Adauza Aida kuti aitane anthu amunyamule pa mphasa. Kuseri kwa mudzi, pansi pa mtengo wa mthethe, padali kamulu ka miyala kopanda mtanda. Zelesi adalamula kuti a Silvester akumbe ndi manja awo kumutu kwa mandawo, ndipo iye mwini adaponyamo kiyi. "Bambo a Aida," adatero, "uja wabwera kudzakumasulani." A Silvester adalira mokweza ngati mwana, ndipo mayi wodwalayo ndiye adawaika dzanja pamutu. Zelesi adamwalira patapita masiku anayi. Lamulungu lotsatira tidaona nkhalamba ija ikuchoka kumbuyo kwa tchalitchi, ikuyenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, ndipo ambiri a ife amene tidainenera zoipa tidalephera kukweza maso.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo adasanduka munthu wa nthabwala. Chisoni sichidawachoke, kungoti tsopano ankadya ndi kugona. Adawolotsabe anthu madzinja ena awiri, mpaka miyendo idakana. Achinyamata ofuna kulowa upolisi akabwera kudzafunsa nzeru, sankawaletsa. Ankati, "Pitani, malamulo ambiri ndi abwino, amaletsa munthu wa mfuti kusanduka chilombo. Koma tsiku lina lidzafika loti m'manja muli katundu wa boma, patsogolo panu pali munthu. Mudzataye katunduyo. Kundende anthu amatulukako."

Adadwala chifuwa mwezi umodzi, ndipo amene adawasamala ndi Aida, amene poyamba adatha chaka osawapatsa moni. Adalandira masakramenti onse ali ndi nzeru zawo. Lolemba m'mawa, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana kumapiri, adafunsa ngati mtsinje wayamba kudzaza. Aida adati ayi, ukadali mchenga. "Ndiye ndiwoloka bwino," adatero. Adamupatsa Aida korona yawo kuti awagwirire, natambasula manja onse awiri pa bulangeti, opanda kanthu, ndipo adapita mwakachetechete ngati munthu wogona tulo.

Ndodo yawo ya nsungwi ili pagombe pomwe ankaisiya, ndipo amuna a m'midzi ya tsidya lino agwirizana zosinthana kukhalapo dzinja lino. Powapempherera a Silvester, tisaiwale kutchulanso Eliya ndi Zelesi, pakuti ndi mmene iwo adafunira. Mzimu wawo uuse mumtendere.