Mwana amene tinabwereketsa ku Kasupe

Kwathu ku Ngokwe mwana ankabwereketsedwa ngati khasu. Mayi wosabereka ankapempha kwa mnzake, n'kutenga kamtsikana koti azikhala nako, koma aliyense ankadziwa kuti mwanayo ndi wa mbumba yake. Ikakwana nthawi ya nsondo, chinamwali chathu cha atsikana, ankabwerera kwawo. Palibe amene ankalemba kanthu papepala.

Amayi anamwalira ine ndili ndi zaka khumi, mng'ono wanga ali ndi zitatu. Womubereka kumbuyo ndinali ine, moti anthu ankandiseka kuti ndasanduka nakubala ndisanamere ndi mawere omwe. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankakagulitsa nsomba za ku Chiuta ku boma la Kasupe, ndipo kumeneko anadziwana ndi kalaliki wina. Kalalikiyo ndi mkazi wake analibe mwana. Anapempha mng'ono wangayo, atsibweni n'kuvomera. Anawaitanira kuofesi, anawawerengera pepala, iwo n'kudinda chala. Pobwera ankaonetsa aliyense inki ya pachalayo ngati apatsidwa udindo.

"Iwe usalire," anatero atandipeza kuseri kwa nkhokwe. "Tangowabwereka. Akadya buledi, akaphunzira sukulu, pa nsondo abwera."

Ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Masiku ano ndimamva za nyumba zosungira ana amasiye, za maloya, za ana okwezedwa ndege kupita kwa makolo atsopano kunja. Ife tinkadziwa njira imodzi yokha, yoti mwana amapita n'kubwera.

Chaka cha nsondo wake chitafika, tinamva kuti akalaliki aja anawasamutsira ku Balaka. Tinanyamuka ine ndi atsibweni, makadi a chipani tili nawo m'manja, poti popanda kadi achinyamata a pasiteji sakanatilola kukwera basi. Ndinatenganso nsalu ya amayi imene ndinkasunga kuti mng'ono wanga adzavale potuluka ku nsondo.

Anatilandira bwino, sindinganame. Anatipatsa mipando ndi tiyi wamkaka. Koma atsibweni atafotokoza chimene tadzera, akalaliki anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutulutsa pepala lija, chala cha atsibweni chili pomwepo.

"Bambo, si anakuwerengerani? Khoti linavomereza kuti mwanayu ndi wathu mpaka kalekale. Ngakhale dzina ndi lathu."

"Anandiwerengera, inde," anayankha atsibweni. "Koma ine ndinkati ndi zolankhula za muofesi basi. Iyayi, achimwene, pepala lingachotse mwana m'mbumba yake? Chiyambire liti?"

Sindinamvepo chibadwire kuti munthu angasiye kukhala wa kwa amake chifukwa cha inki. Ndinayang'ana atsibweni, nkhalamba yodziwa msampha uliwonse wa nsomba, itakodwa ndi chala chake chomwe. Ndinapsa nawo mtima, ndipo kunena zoona sindinawakhululukire mpaka anatsikira kulichete. Mkazi wa akalaliki anali chiimire pakhomo la kukhitchini, misozi ili chuchuchu. Nayenso anali atadzidzimuka, poona kuti pali anthu amene zaka zonsezi ankawerengera kudzamulanda mwana wake. Panalibe wakuba pakhomopo, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri, poti ndinasowa womutukwana.

Kenaka mng'ono wanga anatulukira kuchokera kusukulu, atavala yunifomu, mphumi yake ya amayi yeniyeni. Ndinaimirira n'kumuitana dzina lake lakwathu, lija ndinkamutonthoza nalo ali kumsana kwanga. Sanacheuke n'komwe. Anaika mabuku pakhonde, anagwada chapatali, natipatsa moni waulemu ndithu. Atatero anapita kukaima pafupi ndi mayi uja.

"Amayi, alendowa agona kapena abwerera lero lomwe?"

Tinabwerera tsiku lomwelo. Nsalu ija sindinaitulutse m'chikwama.