Tambala wa Pamsika m'Khola la a Kamphinda

Ntchito ya nkhuku ndinaipeza pachigayo. Ndinali pamzere ndi mphale yanga pa Chisepo pamene mayi ena, a NaPhiri, anadandaula kuti wantchito wawo wathawa, wachitatu chaka chomwecho. Anzawo anangoseka, palibe amene anafunsa chifukwa. Ine ndinali ndi mwana wa zaka ziwiri, bambo ake atapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu osabwerako, ndipo chimanga m'nkhokwe ya amayi chinali chitatsala cha pansi. Ndinawatsatira mayiwo mpaka kwawo, ufa uli pamutu.

Amuna awo, a Kamphinda, anali atapuma pa ukapitawo wa paesiteti n'kugula misoti yachizungu makumi asanu ndi limodzi, yofiira, yoikira mazira. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiwe mlongo wake wa Yohane, eti? Uja ankagawa nsalu za chipani cha anthu aja?"

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Dera lathu linavotera chipani chakale, chomwe chinagonja, ndipo Yohane anali mmodzi mwa ochepa amene anaima mbali inayo. Chiyambire pamenepo banja lathu silinkapatsidwa moni pamjigo.

"Eya, bwana," ndinayankha.

"Ndikukulemba chifukwa palibe wina. Dzira limodzi likasowa, kwanu ndikukudziwa."

Nkhuku zimene ndinkazidziwa ine zinali zakumudzi, zodzipalasira zokha n'kukagona mumtengo. Izi zinali zina. Khola linali la zidina, waya m'mazenera, pansi utuchi wochokera kwa ocheka matabwa. M'mawa uliwonse ndinkatembenuza utuchiwo ndi reki kuti usaumbike, kutsuka zomwera ndi phulusa, n'kutunga ndowa zinayi kumjigo. Chakudya tinkasakaniza tokha pachiguduli: madeya, soya wokazinga n'kugayitsa, fumbi la usipa, laimu pang'ono kuti zigoba zilimbe, ndi mchere wa pachikhatho. Soya akapanda kupsa bwino nkhuku zimatsegula m'mimba; zimenezo ndinaziphunzira ndi chitonzo cha sabata yathunthu. Mazira ndinkatola katatu patsiku, chifukwa limodzi likasweka m'chisa nkhuku n'kulilawa, khola lonse limayamba kujompha mazira. M'thireyi ndinkawaika kosongoka kuli pansi, ndipo odetsedwa ndinkawapukuta ndi nsanza youma, osati madzi.

Zambiri mwa izi sanandiphunzitse ndi a Kamphinda. Iwo ankadziwa fodya ndi kukalipira anthu, basi. Anandiphunzitsa ndi alangizi a ziweto, a Mwale, bambo ofatsa oyenda panjinga yakapalasa, amene ankadutsa kamodzi pamwezi. Ntchito ya a Kamphinda inali kukhala pampando pakhomo pa khola, wailesi ili pamwendo, kumatukwana boma latsopano, kenaka n'kutembenukira kwa ine ngati ndinaliika ndine. Poweruka ndinkayenera kumasula chitenje chapamwamba n'kuchikutumula pamaso pawo, aone ngati sindinabise dzira. Tsiku ndi tsiku, miyezi isanu ndi iwiri.

Mwezi wa Ogasiti a Mwale ananena kuti nyengo ya chitopa yayandikira, ndipo abwera ndi katemera mufulasiki kuchokera ku Dowa. Anati nkhuku zidzakhale ndi ludzu maola awiri m'mawa, kenaka mankhwalawo athiridwe m'madzi akumwa. A Kamphinda anakana.

"Mankhwala a boma limeneli? Akufuna atimalize ndi ziweto zomwe. Nkhuku zanga sizituluka m'khola, chitopacho chilowera pati?"

Chinalowera pakhomo, anabwera nacho okha. Tsiku la msika, kumayambiriro kwa Okotobala, anafika ndi tambala wamkulu wamawanga atamumangirira pakeliyala. Anati khola lopanda tambala lili ngati mudzi wa amasiye. Pomumasula ndinaona kuti tambalayo akuwodzera, lipombo la pamutu lada, ndipo pakeliyala panali chitosi chobiriwira. A Mwale anali atandiuza kuti nkhuku yachilendo imayamba yakhala payokha masabata awiri. Ndinatsegula pakamwa, ndinaona nkhope ya a Kamphinda, ndinatsekanso. Ndinamuponya m'khola ndi manja angawa.

Tambalayo anafa Lachitatu. A Kamphinda anati misoti yamuchitira nkhanza. Lachisanu mazira anayamba kutuluka opanda chigoba. Lolemba m'mawa nditatsegula chitseko, m'khola munali zii. Nkhuku za mazira zimakulandira ndi phokoso, zikupondana pofuna chakudya, koma tsiku limenelo khumi ndi zinayi zinali zitauma pautuchi. Zina zinkazungulira malo amodzi khosi litapindikira kumsana, zina zinali zitayasamula, zikupuma mokoka.

A Kamphinda sanalowe n'komwe. Anaima pakhomo n'kukuwa kuti mudzi wonse umve.

"Wathira mankhwala a fodya m'madzi! Mfiti iwe! Wakutuma ndi Yohane!"

Anthu anabwera akuthamanga, ena makasu ali m'manja pochokera kopanga mizere. Palibe amene anafunsa za tambala. Mayi wina amene tinkaimba naye kwaya anati, "Mtundu umenewu ndi wotero. Anagulitsa dziko, nanga nkhuku n'chiyani?" Wina anandikoka duku. A Kamphinda anatunga madzi a m'chomwera ndi chitini n'kundiloza nacho pakamwa.

"Ngati sunathire, imwa."

M'madzimo munali madeya ndi mamina a nkhuku zodwala. Ndinamwa onse. Ndinaima pamenepo dzuwa likukwera, anthu akudikira kuti ndigwe. Sindinagwe. Ena anachita manyazi n'kubwerera kumunda. Ena anati mfiti siifa ndi mankhwala ake omwe.

Kenaka a Kamphinda anaponya mpeni pamapazi anga. Analamula kuti ndizinge zodwala zonse, ndisosole, zikagulitsidwe kwa okazinga pa Chisepo dzuwa lisanapendeke. Nthenga ndi matumbo zikanapita kudzala, kumene nkhuku za mudzi wonse zimapalasa. Apa mantha anali atandithera.

"Sindizinga, bwana. Ichi ndi chitopa. Chinabwera ndi tambala wanu uja, ndipo ndinaona tsiku lomwelo."

"Unaona? Nanga bwanji sunanene?"

Funso limenelo linandibaya kuposa zotukwana zonse, chifukwa linali loona.

A NaPhiri, amene sankalankhula amuna awo ali pafupi, anali atazemba kukaitana a Mwale. A Mwalewo anafika masana, thukuta lili kamukamu. Anatumbula nkhuku imodzi patsamba la nthochi, natsegula kathumba kamene kali pamwamba pa nthutumba, n'kuonetsa anthu timadontho tamagazi mkati mwake.

"Chitopa," anatero. "Kumbani dzenje lakuya, muthiremo laimu. Utuchi wonse muotche, ndipo pano pasatuluke nthenga ngakhale imodzi."

A Kamphinda anayankha kuti alangizi nawonso amadya za boma latsopano. A Mwale anasamba m'manja, anandiyang'ana kamodzi, nakwera njinga yawo.

Dzenjelo ndinakumba ndekha kuseri kwa nkhokwe, nthaka ya Okotobala ili gwa. Anthu amene anatsala anakhala pamthunzi kuonerera, palibe amene anagwira khasu. Nkhuku zinkafabe tsiku lonselo, ndipo pofika madzulo ndinali nditakwirira nkhuku zoposa theka la khola, utuchi ukufuka, m'manja muli matuza. Pamenepo a Kamphinda anati ndichoke ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo.

A NaPhiri anandipeza panjira ya kudambo atabisa msoti m'nsalu, umodzi mwa imene inkaonekabe yamphamvu.

"Tenga, mwanawe, ukayambirepo."

Msotiwo ndinaufuna, Mulungu akudziwa. Koma kwathu amayi anali ndi nkhuku zisanu ndi zinayi, chuma chathu chonse. Ndinakana, ndipo a NaPhiri analira poganiza kuti ndawada. Pamtsinje ndinasamba, ndinachapa zovala zonse ndi mapatapata omwe, ndinalowa m'mudzi nditavala zonyowa. Nkhuku za amayi zinapulumuka chaka chimenecho. Za oyandikana ndi a Kamphinda zinatha psiti, ndipo mpaka lero alipo amene amati ndinazipha ndine.

Tsopano ndili ndi khola langa ku Chezi. Katemera sindiphonya, miyezi itatu iliyonse. Nkhuku yachilendo, kaya yogula kaya yamphatso, imayamba yakhala m'chitete kuseri kwa khitchini masabata awiri. Koma chachikulu chimene ndinatenga kwa a Kamphinda si chimenecho. Ndikanalankhula tsiku la msika lija akanandinyoza, mwina kundichotsa ntchito, koma nkhuku zikanakhala ndi moyo. Ndinakhala chete kuti ndisatukwanidwe, ndipo ndinatukwanidwabe, ndinamwa madzi a m'chomwera, ntchitoyo n'kutha. Ukaona choipa m'khola, nena ola lomwelo, kaya mwini wake ndi woopsa bwanji.

Chaka chatha, pa chinkhoswe cha mwana wanga, apongozi ake aakazi anabwera ndi thadzi lonenepa n'kulunjika nalo kukhola. Ndinawatsekereza pakhomo pamaso pa alendo onse. Anakwiya, sanadye, ndipo mpaka pano moni amandipatsa akuyang'ana kumbali. Thadzilo linakhala m'chitete masiku ake khumi ndi anayi, kenaka linalowa. Likuikirabe.