NaDebi wa pa kauntala ya nambala folo

Ndikakumbukira agogo anga a Nangozo, mphuno zanga zimadzaza fungo la buledi wopserera. Tinkakhala ku Ilford, m'kafulati ka pamwamba pa shopu yochapira zovala, ndipo m'mawa uliwonse agogo ankaika buledi mu tosita n'kumubwezeramo kachiwiri ndi kachitatu, poti amati chinthu chimene chadumpha chokha pamoto sichinapse. Utsi unkadzaza khitchini, alamu ya kudenga n'kuyamba kulira, iwo n'kuyang'ana kumwamba atagwira m'chiuno. "Tadzuka bwino, kaya inu," ankatero. Ndikulumbira, milungu itatu yoyambirira alamu imeneyo ndi yokhayo inawalankhula mu Ingalande monse.

Anachokera ku Ntcheu pa viza ya miyezi isanu ndi umodzi kudzandisamalira, chifukwa amayi anga, omwe ndi namwino, ankakhalitsa kuchipatala kuposa odwala. Ndinali ndi zaka khumi. Ku London ndinafika ndili ndi zinayi, choncho Chichewa ndinkamva ndithu, koma pakamwa panga pankatuluka Chingerezi chokhachokha. Agogo akafunsa kuti, "Mphatso, wakhuta?" ine ndinkati, "Yeah." Akandifotokozera maloto awo onse kuyambira pa mutu mpaka kumchira, ndinkati, "Yeah."

Agogo anayesa kucheza ndi anthu. Anapereka moni pamasitepe, pa siteji ya basi ndi mu lifiti, koma aliyense ankafulumira kuyang'ana nsapato zake. Tsiku lina analonjera chidole chovala suti pawindo la shopu ya zovala, ndipo nditawakoka dzanja anati, "Ndadziwa kuti si munthu. Koma bola uyu, sanathawitse nkhope." Apa sindinawonjezere ngakhale mchere.

Masana, akatha kusesa kapeti ndi kaburashi ka m'manja atawerama, chifukwa makina osesera amati amalalata ngati chidakwa, ankakhala pampando wa pafupi ndi hita n'kutsegula TV. Panali sewero lanthabwala la anthu ogwira ntchito mu supamaketi. Anthu amenewo sankagulitsa kanthu. Ankangocheza, kukangana, kufunsirana, kubisalira bwana kuseri kwa makatoni a nyemba za m'chitini, ndipo wogula akafika polipirira ankamufunsa mpaka za apongozi ake. Anthu osaoneka ankaseka m'kati mwa TV, agogo n'kuseka nawo mochedwa pang'ono, ngati wofika pamaliro anzake atapukuta kale misozi. Chingerezi sankamva, koma ankadziwa amene ali ndi mtima wabwino ndi amene anamulera molakwika.

"Ndazindikira tsopano," anatero tsiku lina. "Anthu a dziko lino amachezera ku shopu. Ife tikuvutika kuwafuna mumsewu."

Loweruka anamanga duku latsopano, navala chitenje pansi pa jasi la amayi, ndipo tinapita ku supamaketi yaikulu kukagula buledi ndi mkaka. Anayendera makauntala onse ngati wosankha mkamwini, nasankha wa nambala folo, pomwe panali mzimayi wachizungu wa tsitsi lofiira, baji yake yolembedwa Debbie.

"You alright, love?" anatero mzimayiyo, maso ali pa mkaka.

"Akuti chiyani?"

"Akuti... muli bwino?"

Ine ndinangomasulira. Kuno funso limenelo si funso ayi, ndi kaphokoso chabe ngati kutsokomola, ndipo woyankha zoona amaoneka wozungulira mutu. Koma agogo anali atadikira funso limenelo mwezi wathunthu. Anaika basiketi pansi, nagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, nayamba. Anafotokoza za bondo lomwe limabaya kukazizira, za dzuwa la kuno lomwe limatuluka ngati mlendo wamanyazi, za mbuzi zisanu zomwe anasiyira mlamu wawo wosadalirika, za agogo aamuna omwe anatisiya nyengo yokolola. Mzere unakula, unatuluka pakhomo, unakhota pakona. Wa kumapeto anali ku Wembley, ndipo ena anaima nawo poganiza kuti kuli mpira. Mulungu ndi mboni.

Ndinatembenukira kwa mzimayiyo mwachangu. "She's fine," ndinatero.

"Need a bag?"

"Akuti chiyani?" anafunsa agogo.

Mzimayiyo ankafunsa ngati tikufuna jumbo. Koma nkhope ya agogo inali itawala mwa mtundu umene ndinali ndisanauone chifikireni, ndipo sindinafune kuizimitsa ndi nkhani ya jumbo.

"Akuti pepani za bondo yanu."

"Bondo lanu," anandikonza. Kenako anapinda bondo lomwelo pang'ono. "Zikomo mayi, zikomo kwambiri."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkapita kukaona NaDebi, monga anamutchulira. NaDebi weniweni anali ndi mafunso atatu okha pamoyo wake: jumbo, khadi la mapointi ndi lisiti. Pa mafunso atatuwo ine ndinamangapo munthu. NaDebi wanga ankafunsa ngati mbuzi ija yabereka, ngati ku Ntcheu mvula yayamba, ngati usiku akugona tulo. Ndinamupatsa mwamuna woledzera, ana anayi ndi munda wa mbatata ku Barking. Bodza limafuna mawu, ndiye mkati mwa sabata ndinkatchera khutu amayi akamalankhula pafoni, ndinkawafunsanso kuti chakutichakuti m'Chichewa n'chiyani, mpaka anayamba kundigwira pamphumi kuona ngati ndatentha. Agogo ankamvetsera zonse akugwedeza mutu, n'kumati, "Umuuze NaDebi kuti ndi mbuzi zanga, osati mbuzi anga. Koma apo ayi akuyesetsa."

Viza itatsala masiku atatu anati, "Munthu sachoka ngati wakuba nkhuku. Tikatsanzike." Anatulutsa m'sutikesi chitenje chatsopano chosachapa, nachipinda bwinobwino.

Titafika anachiika ndi manja awiri pa lamba woyenda wa pakauntala yake, pambuyo pa buledi. Debbie anachinyamula, nachitembenuza uku ndi uku kufuna timizere ta mtengo, atatisowa n'kuliza belu loitanira bwana kuti adzanene kuti n'zingati. Ndinachita kumuuza kuti si katundu wa m'shopu, ndi mphatso yake, agogo akubwerera kwawo ku Malawi.

"Aw, bless," anatero akumwetulira. "Has she been in before?"

Ankafunsa ngati mayi ameneyu anayamba wabwerapo m'shopu muno.

"Akuti chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu monse, koma bodza linali litatha ngati gasi. Ndinangoyang'ana nsapato zanga, ngati mwana weniweni wa dziko lino.

Pa siteji ya basi tinakhala pa kabenchi kopendekeka kaja komwe anakapanga kuti munthu asakhazikike. Kunali kamvula kowaza. Agogo anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku.

"Sakundidziwa mzimayi uja, eti?"

"Munadziwa liti?" ndinafunsa, m'Chichewa.

"Tsiku loyamba lomwe. Mzungu walankhula mawu atatu, iwe n'kundiwerengera chaputala chonse. Ukuyesa bondo ndi limene limamva?"

"Nanga bwanji tinkabwerabe?"

"Ndikanakhala kunyumba ukanandiuza chiyani? Yeah?" Anaitchula bwino kwambiri yeah imeneyo, kuposa ine mwini wake. "Apa pokha ndi pamene unkandifunsa za mbuzi zanga."

Basi inabwera, inaima, inapita. Sitinakwere.

"Agogo, bondo lanu lili bwanji?"

"Akufunsa ndani, iwe kapena NaDebi?"

"Ine."

"Likuwawa, mdzukulu wanga. Likuwawa zedi."

Agogo anamwalira patapita zaka ziwiri, ine ndisanapite ku Ntcheu. Lero ndimakhala ndekha ku Peckham, ndipo pamatha mwezi osapeza wolankhula naye chinenero chathu. Anthu akandiyamikira kuti mwana wokulira kunja ndimachilemba bwino, amafunsa kuti ndinaphunzira sukulu iti. Ndimawauza kuti ndinachiphunzira ponamiza mayi wokalamba, Loweruka lililonse kwa miyezi isanu, iye akundikonza galamala. Amaseka, n'kunena kuti iwe Mphatso ndi mabodza ako.