Tsiku limene amayi analola kuyang'anidwa

Amuna anga anabwera kudzakhala kwathu, kufupi ndi Nyimba, m'nthawi ya Chitaganya, atanyamula khasu lobwereka ndi zitini za penti. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za masitolo a m'mbali mwa msewu waukulu, mpaka ku Petauke. Anthu ankaima n'kumasirira tambala wojambulidwa pakhomo la sitolo, koma panalibe wofunsa kuti wajambula ndani. Kumunda, kunena zoona, ankamvetsa chisoni. Mzere umodzi wokha, thukuta ngati agwera mumtsinje.

Amalume sanabise mawu. "Kupaka mitundu pacipupa ni nchito ya azimai. Uyu mkamwini akalephela kulima caka cino, abwelele kwao." Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkawakonda, ndipo ndinali kale ndi pakati.

Chaka chomwecho tinamva kuti mlongo wanga wamwalira kumigodi yakummwera. Anamuika komweko. Kwathu kunangofika bulangete lake, ndipo chithunzi chake tinalibe. Amayi misozi inawakanika, ankangokhala duu pakhonde.

Amuna anga anali asanamuonepo mlongo wangayo. Anapala thabwa loti amujambulepo, n'kuyamba kufunsa aliyense mmene ankaonekera. Makutu anatengera kwa amalume, maso kwa ine. Koma onse ankati pakamwa ndi masaya zinali za amayi ndendende. Apa ndiye panavuta, chifukwa kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, kapena kulankhula nawo. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Thabwa lija linangotsamira chipupa, nkhope yopanda pakamwa.

M'mawa wina amayi anaima patsogolo pake kwa nthawi yaitali. Kenako anakoka mphasa n'kukhala pabwalo, anthu akuona.

"Muuze mwamuna wako aniyang'ane," anandiuza.

"Alongo, nanga mwambo?" anatero amalume.

"Mwana ni wanga. Khalani cete."

Amuna anga anagwada chapatali. Poyamba ankangoyang'ana mwakuba. Kenako manyazi anaiwalika, bulashi inayamba kuyenda. Ndinaona ndi maso angawa: kamzere kamodzi m'mbali mwa mlomo, basi mlongo wanga anatulukira pathabwa, akufuna kuseka monga ankachitira akamanama. Thupi langa lonse linachita tsembwe. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu angaitane bwanji wakufa ndi ubweya womangirira kukamtengo. Amalume anavula chipewa osadziwa kuti avula.

Amayi anakwawira pafupi, n'kugwira tsaya lija penti isanaume. Ndipo analira, kulira kwenikweni kwa maliro, mpaka akazi a m'mudzi anabwera kudzalira nawo. Atatonthola sanandituminso ine ayi. Anatembenukira kwa mkamwini wawo, n'kulankhula nawo maso ndi maso.

"Atate, mwanibwezela mwana wanga. Pano ni panu."